Nkhope ya Abambo Inakana Kukula

Kubanja kwathu kukakhala msonkhano, ine amandipatsa ntchito yonyamula mabenchi. M'nyumba mwathu ndine ndekha amene ndinafika ku koleji, koma ikafika nthawi yogawana maudindo, achemwali anga a Esinta amayang'ana kudenga n'kunena kuti, "Achimwene atithandiza mabenchi." Palibe amatsutsa, ngakhale ine amene. Zimene ndinachita chaka chomanga chiliza cha abambo n'zokwanira kuti munthu anyamule mabenchi mpaka ukalamba.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ya pulaiveti ku Area 23, ndipo ndinkachita lendi ku Chipasula. Zinali zaka zija makamera a filimu akuyamba kutha, makafe a intaneti akumera paliponse, munthu ukangodziwa kuyatsa kompyuta anthu n'kumakupatsa moni ndi manja awiri. Ine ndinkadziwa kuyatsa ndi kuzimitsa komwe. (Matama anga onse ankachokera pamenepo, musavutike kufunafuna kwina.)

Abambo anali kalipentala ku Kawale. Atamwalira panapita zaka zingapo tisanamange chiliza, ndiye titagwirizana kuti chaka chimenecho timange, tinakumana kunyumba kwa amayi kuti tikonze mwambo wake. Achemwali ndi amene anabweretsa nkhani ya matisheti.

"Ku chiliza cha apongozi a mnzanga ku Area 25 aliyense anavala tisheti ya nkhope ya malemu," anatero. "Zinakongola zedi. Ifenso tisaoneke ngati osauka maganizo."

Onse anavomera. Vuto linali nkhopeyo. Abambo ankadana ndi kamera moyo wawo wonse. Wojambula akafika pakhomo iwo ankalowa m'shedi n'kuyamba kupala matabwa, amvekere, "Nkhope ndimayenda nayo, ndiisiyirenji papepala?" Zithunzi zochepa zimene anthu anawaba nazo zinadyedwa ndi chiswe mu sutikesi chaka china khoma la kuchipinda litanyowa ndi mvula.

Amayi anadzuka n'kubwera ndi kapulasitiki ka shuga. M'katimo munali chithunzi chimodzi, cha mpingo wonse tsiku lotsegulira tchalitchi chatsopano. Wojambulayo, kuti anthu onse akwane, anachita kukaima kutsidya kwa msewu. Kutsogolo kunakhala amayi a kwaya atavala zitenje za mizeremizere. Abambo anali pamzere wakumbuyo, chipewa chili kumutu, ndipo mutu wawo wonse sunkaposa nyemba imodzi.

"Za matisheti ine ndilibe nazo ntchito," anatero amayi akundiyang'ana. "Koma nkhope ya abambo ako yayamba kundithawa. Ndikati ndiwakumbukire ndimangoona chipewa ndi mapewa. Ngati makina akowo angathe, undikulitsire, ndiwaonenso kamodzi."

"Amayi, musadandaule," ndinayankha, chifuwa chili patsogolo. "Kompyuta imakoka chilichonse."

"Chimenechi n'chokhacho. Usachipinde."

Munthu mmodzi sanabwere kumsonkhanowo, ndipo ndimutchuliretu. Ndi abambo aang'ono, a Lufeyo, mng'ono wawo wa abambo, okhala ku Dedza. Anatumiza uthenga woti adzafika tsiku lenilenilo, ndipo monga mwini mbumba wa kuchimuna, ndiwo adzayankhule pamanda m'malo mwa banja. Amayi ndi a Lufeyo ankangopatsana moni wa pakamwa. Maliro a abambo atangotha, a Lufeyo anabwera ndi pikapu n'kupakira macheka, nyundo ndi benchi la ntchito, akuti zida za mbale wawo zibwerere kwawo. Amayi sanakangane nawo, koma sanaiwalenso.

Lolemba lake ndinapita pa kafe ina ku Area 23 imene inali ndi sikana, makina aja ojambula pepala n'kulilowetsa mu kompyuta. Inali yakale, chivundikiro chake chomangidwa ndi selotepi. Chithunzi chitatuluka pa kompyuta, zitenje za amayi a kwaya zinali zitasanduka mafunde akuluakulu okhotakhota, amitundu imene pansaluzo panalibe. Nditakoka nkhope ya abambo, panatuluka timabokosi tingapo tofiirira, tosanjikizana.

"Ndi munthu ameneyo, atitcha?" anafunsa mayi wa pakafepo.

Ine ndinamwetulira, chifukwa matenda amenewa ndinkawadziwa. Sikana siona chithunzi chonse pakamodzi. Imayenda n'kumatola kadontho apa, kadontho apo, ngati munthu amene akudutsa m'munda wa mizere atatseka maso, woti mundawo akuudziwa ndi mapazi okha. Kuti azindikire kuti muli mizere, phazi lina liyenera kuponda pamwamba pa mzere, lina pansi pakati pa mizere. Akatalikitsa phazi n'kumangoponda pamwamba pokhapokha, adzalumbira kuti wadutsa pabwalo la mpira. Akatalikitsa mwanjira ina, adzakuuzani za zitunda zikuluzikulu zimene m'mundamo mulibe. Lamulo lake ndi lakuti pa mzere uliwonse ndi mpata wake pagwe timadontho tosachepera tiwiri. Tikachepa, makinawo sanena kuti alephera ayi, amangopeka zawo, monga anapekera mafunde aja pa zitenje.

Zonsezi ndinamufotokozera mayiyo, ngakhale sanandifunse. Anandimvetsera mpaka kumapeto chifukwa ndinali ndisanatuluke pampando umene kasitomala wina ankaudikira.

Mankhwala ndiye anali osavuta: kupeza sikana yotola timadontho tambiri. Loweruka ndinakwera minibasi kupita m'tauni, pamalo ena osindikizira makadi a ukwati. Ndinawauza kuti aitchere pamapeto penipeni. Makinawo anayenda pang'onopang'ono mpaka ndinatopa n'kuimirira. Koma chithunzi chitatuluka, ndinadziombera m'manja mumtima. Mafunde aja anali atachoka. Mizere ya zitenje inali yowongoka bwinobwino, mpaka ndinaona kapini pa bulauzi ya mayi wina wakutsogolo. Sayansi inali itagwira ntchito, ndipo ndinaonetsetsa kuti onse a m'sitolomo adziwe.

Kenaka ndinakwera kumzere wakumbuyo. Timabokosi tija tinali titathadi. M'malo mwake munali banga losalala, lofiirira, ngati pamene chala chamafuta chadinda pagalasi. Pansi pa chipewa panali kamdima kamodzi kopingasa pamene panayenera kukhala maso awiri. Ndinakoka. Bangalo linakula. Ndinakokanso, linakulanso, mpaka linadzaza kompyuta yonse, osasintha khalidwe.

Apa ndiye ndinakumbukira lamulo lachiwiri, limene ndinaliphunzira ku koleji n'kukhoza mayeso ake bwino lomwe. Galasi la kamera, ngakhale likhale labwino chotani, silingajambule kadontho ka kuwala n'kukhalabe kadontho. Limakamwaza pang'ono, n'kukhala kabanga. Tinthu tiwiri tikayandikana kuposa kukula kwa kabangako, timalowana n'kukhala chinthu chimodzi. N'chifukwa chake galimoto ikakhala kutali nyali zake ziwiri zimaoneka ngati imodzi, mpaka umayesa ndi njinga yamoto. Maso awiri a abambo, kuchokera kutsidya kwa msewu, kudutsa m'kagalasi ka kamera yotchipa ya wojambula wa panjinga, anali atalowana kale tsiku lomwelo lotsegulira tchalitchi.

Malamulo awiriwa amafanana kwambiri, ndipo onse amanena chinthu chimodzi, kuti tinthu tikachepa n'kuyandikana pali malire amene sungadutse. Kusiyana kwake ndi kumene kunandipweteka. Loyambalo limakhala m'makina a lero, ndiye ukhoza kusintha makina, monga ndinachitira ine. Lachiwirilo linagamula kale mlandu tsiku lojambula, ndipo apilo kulibe. Chimene galasi silinatole, palibe sikana ingachitole. Sikana yabwino imangokuuza momveka bwino kwambiri kuti palibe kanthu.

Munthu wanzeru akanakwera minibasi ya ku Kawale pompo, n'kukagwada pamaso pa amayi, n'kunena kuti zakanika. Akanabweza chithunzicho chili chathunthu. Ine ndinaganiza za mmene ndinatulutsira chifuwa pamsonkhano, ndinaganiza za achemwali akundiseka, ndinaganizanso za mmene amayi anandiyang'anira. Ndinakwera ya ku Chipasula.

Kusukulu kwathu kunali maikulosikopu imodzi, imene inkakhala m'kabati ya ahedi n'kumatuluka makolo akabwera kudzaona sukulu. Ndinaibwereka n'kupita nayo m'chipinda china cha pasukulupo. Maganizo anga anali akuti mwina papepala penipenipo pali zimene makina onse akuzilumpha. (Ndikudziwa. Ndangomaliza kukufotokozerani chifukwa chake zimenezi n'zosatheka, ndipo tsiku limenelo ndinkachidziwanso chimodzimodzi. Kudziwa ndi kumva n'zosiyana.) Chithunzicho chinali chachikulu, ndipo abambo anali pamalo oti ukati uwafikitse pansi pa diso la makinawo, pepala linkagunda chitsulo chakumbuyo. Kuti afike, ndinayenera kuchipinda. Amayi anali atandiletsa kupinda. Ndiye ndinatenga lezala.

Ndinadula mwaukhondo ndithu, kabokosi kosaposa chikhadabo, chipewa ndi mutu ndi mapewa. Ndinadziuza kuti ndidzamata kumbuyo ndi selotepi, palibe adzaone. Ndinaika kachidutswako pansi pa maikulosikopu pafupi ndi windo, n'kusuzumira. Ndinaona mchenga wa mitundumitundu, wachikasu, wofiira, wobiriwira. Abambo munalibe.

Belu linalira ndili chisuzumirire. Ndinali ndi piriyodi ku Fomu 4, ndiye ndinathamanga, kachidutswa kaja n'kukasiya pomwepo patebulo. Unali mwezi wa mphepo ndi fumbi, ndipo windo linali lotsegula. Pobwera ndinapeza ana a Fomu 2 atasesa chipinda chonse, n'kukolopa komwe, chinthu chimene chaka chonse sanachitepo popanda kuwakalipira.

Ndinakwawa pansi pa madesiki. Ndinasuntha kabati. Pamapeto pake ndinapita kudzala kuseri kwa zimbudzi, tayi ili m'khosi, n'kuyamba kufukula ndi kamtengo. Ana anandizungulira.

"Sala, mwataya chiyani? Tikuthandizeni."

"Bambo anga," ndinatero, chifukwa mutu unali utasiya kugwira ntchito.

Anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, ndipo mawa lake sukulu yonse inkadziwa kuti aphunzitsi a sayansi ayamba kudwala. Kachidutswako sindinakapeze.

Tsopano ndinatsala ndi zinthu ziwiri: chithunzi cha amayi chokhala ndi bowo pamzere wakumbuyo, ndi banga lija la m'tauni limene ndinalisunga pa fulashi. Tsiku la chiliza linkayandikira. Achemwali ankandiimbira tsiku lililonse, amvekere, "Osindikiza akufuna nkhope, achimwene. Nkhope ili kuti?"

Nzeru yoipa imabwera itavala bwino. Yanga inabwera ndikuyang'ana alubamu ya ukwati wa achemwali. Munali chithunzi cha a Lufeyo, chojambulidwa pafupi, chooneka tsitsi lililonse. Iwo ndi abambo ankafanana ndithu, moti anthu ankawasokoneza akawaonera kumbuyo. Ndinadziuza kuti sindikuba kanthu. Ndingobwereka maso okha, basi, poti magazi ndi amodzi.

Ndinabwerera pa kafe ija. Ndinadula maso a a Lufeyo pa kompyuta n'kuwaika pa banga la abambo. Chinatuluka chinali kadzidzi. Maso akuthwa chonchija amafuna mphuno yoti awatsatire, ndiye ndinabwerekanso mphuno. Mphuno inafuna pakamwa. Pachithunzi cha ukwaticho a Lufeyo anali akuseka mano onse pamtunda, pamene abambo ankaseka mwa apo ndi apo, kawirikawiri kasitomala akalakwitsa muyeso. Ndinadziuza kuti kumene aliko akusangalala. Kenaka chibwano sichinagwirizane ndi pakamwa, makutu sanagwirizane ndi chibwano. Pofika madzulo, cha abambo chimene chinatsala chinali chipewa.

Ndinachiyang'ana nthawi yaitali mpaka ndinayamba kukhulupirira. Ndikunena zoona, misozi inalengeza. Kompyuta inandifunsa ngati ndikufuna kusunga chatsopanochi pamwamba pa chakale chija, ndipo ine ndinadina kuvomera monga ndimachitira nthawi zonse, osawerenga. Banga lija, limene linali losaoneka bwino koma linali abambo enieni, linapita pamenepo.

Achemwali anadutsira pakafepo akuchokera kumsika, thumba la kabichi lili m'manja. Anasuzumira ali chiimire.

"Koma ndiye aoneka athanzi," anatero. "Zili bho, tumizani, nthawi yatha."

Pansi pa nkhopeyo tinalemba kuti BAMBO WATHU WOKONDEDWA, USANI MUMTENDERE. Dzina sitinalembe, poti nkhope inalipo.

Osindikiza anachedwa chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, moti matisheti anafika m'mawa wa tsiku lenilenilo, ali m'thumba, lole yopita kumanda italiza kale injini. Panalibe nthawi yoyang'anitsitsa. Achemwali ankangoponya, aliyense n'kuvala pomwepo, ena pamwamba pa malaya, anyamata ambiri n'kuvula malaya awo kuwasiya m'nyumba. Amayi anakhala kutsogolo ndi dalaivala. Ndinawapatsira pawindo chithunzi chachikulu cha nkhope yomweyo chimene ndinachiika mu fulemu, choti chikhale chawo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anachitembenuza n'kuchigoneka chafufumimba pamiyendo. Ine ndinati ndi chisoni. Ndinanyadira kuti ntchito yanga yawafika pamtima.

Mu lole azakhali, mlongo wawo wa abambo, ankangoyang'ana pachifuwa panga.

"Iwe, achimwene ankaseka chonchi?"

"Ndi kompyuta, azakhali."

"Ooo," anatero. Masiku amenewo mawu amenewa ankatseka nkhani iliyonse.

Kumanda chiliza chinali chitaphimbidwa ndi nsalu yoyera. Abusa anayambitsa nyimbo, tonse titaima mozungulira. A Lufeyo anali asanafike, poti minibasi yawo yochokera ku Dedza inachedwa. Tili pakati pa nyimbo anatulukira pakati pa manda, akazi awo ali pambuyo. Anali atangotuluka kumene m'chipatala, ataonda, akuyenda ndi ndodo. Anthu anatembenuka kuti awapatse njira, ndipo potembenukapo, khamu lonse linawalozetsa zifuwa.

A Lufeyo anaima. Anayang'ana chifuwa cha achemwali, cha azakhali, cha mkulu wa mpingo, changa. Paliponse anadziona okha akuseka, atavala chipewa cha akufa, akuuzidwa kuti ause mumtendere. Anthu nawo anayamba kuyang'ana nkhope yamoyoyo, n'kuweramira pachifuwa, n'kuyang'ananso. Nyimbo inafa kuyambira kumbuyo, mpaka anatsala akuimba ndi abusa okha, amenenso anasiya pakati pa mzere.

"Wamwalira ndani pano?" anafunsa a Lufeyo, mawu ali pansipansi.



"Mwatiitanira maliro a amuna anga ali moyo?" anatero akazi awo. "Munthu wangotuluka m'chipatala dzana, inu mwamusindikiza kale?"

A Lufeyo anayenda mpaka pamene panakhala amayi. "Alamu, ngati ndi nkhani ya macheka aja, mukanangonena. Tikanakhala pansi. Osati kundikonzera ulendo ndikuyenda ndi miyendo yanga."

"Ine sindinapange kanthu, alamu," anatero amayi osadzutsa mutu. "Funsani wophunzirayo."

Maso onse anabwera kwa ine. Pamenepo panafunika mawu amodzi okha, opepesa. Koma mphunzitsi akapanikizika amaphunzitsa. Ndinayamba kufotokoza kuti pali malire awiri, a makina otola timadontho ndi a galasi la kamera, kuti oyambawo ndinawagonjetsa koma achiwiriwo sagonjetseka. Ndinafika mpaka pa munthu wodutsa m'munda atatseka maso. Ndikukumbukira kuti ndinachita kuponda pansi kusonyeza mapazi, pakati pa manda, pafupi ndi mutu wa bambo anga.

"Ndiye galasilo linakutuma kuti uphe ine?" anatero a Lufeyo.

"Ayi, abambo aang'ono, ndinangobwereka maso."

"Unabwereka maso anga." Anatembenukira kwa anthu. "Mwamva nonse. Wanena yekha."

Kunamveka kung'ung'udza, ndipo ndinazindikira kuti mawu amenewo kumanda samveka ngati nkhani ya kompyuta. Abusa analowererapo msanga. Analamula kuti aliyense atembenuze tisheti, kunja kukhale m'kati. Anthu anatembenuza, koma utoto unali wokhathamira, moti a Lufeyo ankaonekerabe, akuseka chammbuyo. Iwo anakana. Anati sangalole nkhope yawo yolembedwa mawu amenewo imwazike m'makomo mwa anthu, poti sadziwa amene adzaigwiritse ntchito yanji. Anafuna matisheti onse, pompo, m'thumba lomwe anabweramo.

Anthu anavula. Amayi ena anadzifunditsa zitenje, azibambo anatsala ndi mavesiti, anyamata aja anasiya malaya kunyumba anaima chifuwa chili pamtunda, manja atapinda ngati akudikira sikelo kuchipatala. Chiliza cha abambo, chimene tinachikonzekera nthawi yaitali chonchija, tinachivundukula tili choncho. A Lufeyo sanayankhule m'malo mwa banja. Sanabwere kunyumba kudzadya. Ananyamulitsa akazi awo thumba lija n'kubwerera ku Dedza, ndipo achemwali ananong'ona kuti munthu ameneyu sachoka kwathu chimanjamanja.

Ena akamaikamba nkhaniyi amathera pamenepa, n'kuseka mpaka kugwira nthiti. Nanenso ndimaseka nawo, nanga n'kutani. Koma ine tsikulo silinathere kumanda.

Alendo atabalalika masana, amayi anandiitanira kuchipinda. Fulemu ija inali pansi, itayang'ana kukhoma.

"Munthu amene anandilanda benchi la amuna anga, iwe wandiikira mu galasi kuti ndizimupachika pabalaza," anatero. Sanakweze mawu. "Chabwino. Ndipatse chithunzi changa."

Ndinali nacho m'thumba la jekete, mu envelopu. Ndinaganiza zonama kuti ndachiiwala ku Chipasula, koma mabodza anali atandithera. Anachitulutsa, n'kuchikweza chakuwindo. Kuwala kunadutsa pabowo paja n'kugwera patsaya lawo. Analowetsapo kachala kakang'ono.

"Ndinati usachipinde."

"Sindinachipinde, amayi."

M'moyo wanga ndayankhulapo zopusa zambiri, m'kalasi ndi kunja komwe, koma chiganizo chimenecho ndi chimene ndimati ndikachikumbuka ndimafuna kulowa pansi.

"Uli nako kachidutswako?"

"Kanasowa."

"Nanga mu makina akomo?"

"Namonso mulibe."

Anakhala pabedi. "Ndinakupatsa abambo ako ali ang'onoang'ono," anatero, "koma analipo."

Sanalire, ndipo zikanakhala bwino akanalira. Ine ndinachita manyazi amene sindinawamvepo, osakanikirana ndi mkwiyo wopanda pougwetsera. Ndinakwiyira wojambula uja chifukwa choima kutali, ndinakwiyira chiswe, ana a Fomu 2, ngakhale abambo amene chifukwa chothawa makamera. Ndinazungulira onsewo, koma mlandu unkabwererabe pa lezala langa.

Ndinayesa kukonza. Wojambula uja anali atasiya ntchitoyo kalekale, mafilimu ake akale anataya posamuka. Ndinayenda m'makomo mwa anthu a mpingo kufunsa amene anagulako chithunzi cha tsiku lija. Ambiri sanagule. Pomaliza ndinachipeza kwa mkulu wina wa mpingo ku Biwi, chili pakhoma. Koma wojambulayo tsiku limenelo anajambula kawiri, ndipo ichi chinali chachiwiricho. Mzere wakumbuyo unali wonse bwinobwino, kupatula malo a abambo, pamene pankaoneka msana wokha. Mphepo inali itawagwetsera chipewa, iwo n'kuwerama kuti atole.

A Lufeyo anachira, ndipo anthu akwawo amati anachira chifukwa anawotcha matisheti aja nthawi isanathe. Mpaka lero akandiona amagwira chipewa chawo n'kuyang'ana kumbali. Ku sukulu ndinapitiriza kuphunzitsa, ndipo phunziro la magalasi ndimaliphunzitsa bwino kuposa mphunzitsi wina aliyense amene ndikumudziwa. Ndimawauza ana kuti chimene sichinatoledwe sichinatoledwe, asamachipeke. Amalemba m'makope mwawo, n'kumakhoza.

Mvula itayamba chaka chomwecho, ndinapita ku Kawale Lamlungu lina masana. Amayi anali pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Tinali titayambanso kuyankhulana, pang'onopang'ono, za mitengo ya feteleza ndi za denga lodontha. Anasankha nyemba kwa kanthawi, kenaka anafunsa osandiyang'ana.

"Kachipsera kaja ka pamwamba pa diso lamanzere. Kanali ka abambo ako, kapena ka a Lufeyo?"



"Ndawalota dzulo," anapitiriza. "Anabwera bwinobwino, nkhope yonse, koyamba chimwalirireni. Anali nako kachipserako. Ndiye ndadzuka ndikudzifunsa."

Yankho ndinkalidziwa bwino lomwe. Kachipserako kanali ka a Lufeyo, anagwa panjinga ali mnyamata. Ndinakasamutsa ndine pa kompyuta, pamodzi ndi maso aja. Amayi anali atasiya kusankha nyemba, manja ali m'lichero, akudikira.

"Kanali ka abambo," ndinatero.

"Ndimadziwa ine," anatero amayi, n'kumwetulira, n'kupitiriza kusankha nyemba.